Denga Loponyapo Mano a Eneresi

Mkazi wanga, NaMwale, anaikidwa m'manda ine ndili ku Joni, ndikugwira ntchito mumgodi wa golide. Sindinadziwe. Ndinapitiriza kugwira fosholo, kudya, kugona, n'kumamupempherera ngati munthu wamoyo, mpaka tsiku lina kunafika gulu la antchito atsopano ochokera kumudzi. Pakati pawo panali bambo wina wa kwa Wimbe, kumene ndinakwatira. Atandiona pamzere wolandirira chakudya anavula chipewa. Asanatsegule pakamwa ndinadziwa kuti wabwera ndi uthenga wa maliro.

“Pepani, bambo a Eneresi,” anatero. “Mayi aja anatisiya. Kumeta kunachitika kale, ndipo nyumba anagwetsa.”

Ndinafunsa za mwana. Anati ali bwino, akukhala kwa mayi ake aang'ono.

Ine kwathu ndi ku Lisasadzi. Kwa Wimbe ndinali mkamwini, ndipo mwambo wathu suvuta kuumva: ana ndi a kuchikazi. Mkazi akamwalira, abale ake amagwetsa nyumba imene ankagonamo, kenaka amakhala pansi ndi mwamuna n'kumusudzula, kumuuza kuti ukwati watha, abwerere kwawo mumtendere. Amapita ndi khasu lake ndi bulangete lake. Ana amatsala m'manja mwa atsibweni awo. Mwambowu sindinauonepo kuipa. Inenso ndinaleredwa ndi atsibweni anga, ndipo anandilera bwino. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi funso limodzi, pogona ndi podzuka: kodi ndikabwerera adzandilola kukhala pafupi ndi Eneresi, kapena ndidzakhala bambo wobwera pa Khirisimasi ndi kamtanda ka sopo, wofunika kuchita kumufotokozera mwana kuti awa ndi ndani?

Kubwerera nthawi yomweyo sikukanatheka. Ndinali nditadinda chala pa kontilakiti, ndipo miyezi inali ikadalipo yambiri.

Pamene ndinkanyamuka kumudzi, Eneresi anali atangofika msinkhu wotumidwa kukapala moto kwa anansi. Mano ake anali atakwana onse, ting'onoting'ono ngati ta chimanga chosakhwima. Chaka chimenecho matalala anang'amba fodya wathu yense akadali m'munda, koma msonkho sunang'ambike nawo. NaMwale ndiye ananena yekha kuti, “Pitani, anzanu akubwerako ndi njinga.” Anandiperekeza mpaka pamphambano, mwana ali kumbuyo ngakhale kuti akanatha kuyenda yekha. Sitinalankhule zambiri. Sitinali anthu olankhula zambiri.

Kolembera anthu anativula malaya, kutikweza pasikelo ngati mabelo a fodya, kutiyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Mundege ndinatseka maso ulendo wonse ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Tinakafikira mukomponi, mpanda waukulu wa nyumba za malata zogona antchito. Mabedi anali a simenti, osanjikizana, mbaula ili pakati. Nyengo yozizira simentiyo inkalowa mpaka m'mafupa. Ankatigoneka potengera mitundu: ife a ku Malawi, amene ankatitchabe Anyasa, patokha, Axhosa paokha, Asutu paokha. Koma chikepe chikatitsitsira pansi, zonsezo zinkatha. Kumeneko kunali kutentha, fumbi, phokoso, ndi thanthwe lolendewera pamutu pa aliyense mosasankha mtundu. Tinkamvana m'Chifanakalo, chilankhulo cha mumgodi chimene si cha mayi wa munthu aliyense.

Pagulu lathu panali Mxhosa wina dzina lake Vuyani, wogwira makina oboolera thanthwe. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, woseka ngakhale zosaseketsa. Ankanditcha Mfundisi, kutanthauza m'busa, chifukwa ndinkapemphera chikepe chisanatsike. Poyamba ankandinyogodola, koma tsiku lina nditaiwala anandikodola ndi chigongono nati, “Mfundisi, ufuna tigwe?” Tsiku limene ndinatsika nditangomva za maliro sanati pepani. Anangoima pafupi nane tsiku lonse, ndipo pamene ndinayamba kuyenda molunjika malo osachirikizidwa, anandigwira kolala n'kundibweza ngati mbuzi.

Nkhani ya mano inayamba ndi iyeyo. Loweruka lina payipi ya mpweya inamasuka n'kumumenya pakamwa, dzino lakutsogolo n'kuyamba kugwedera. Mawa lake masana tinakhala padzuwa m'mbali mwa khoma, mmene tinkachitira Lamulungu lililonse. Wina ankameta mnzake, wina ankasoka jombo. Vuyani analuma buledi, dzino lija n'kutsalira momwemo. Analiyang'ana, analipukuta pamalaya, kenaka anadzuka n'kuliponya padenga la malata uku akufuula, “Iwe kabawi! Tenga lakaleli, undibweretsere latsopano!”

Tonse tinafa ndi phwete.

“Pamsinkhu wakowo?” anatero Msutu amene ankameta uja. “Kabawi akubweretsera ndodo yoyendera, osati dzino.”

“Siyeni, mwina andimvera chisoni. Nanga kwanu ana amapatsa ndani?”

“Buluzi.”

“Buluzi! N'chifukwa chake Asutu mano anu ali ting'onoting'ono.”

Mtswana wina wofatsa, amene sitinkamumva mawu kawirikawiri, anati kwawo mwana amaponya padenga n'kupempha mwezi.

“Mwezi uli ndi mano?” Vuyani anafunsa.

“Nanga kabawi wakoyo ali nawo?”

Vuyani anaganiza kaye, n'kuvomera kuti wagonja. Kenaka anatembenukira kwa ine. “Mfundisi, nanga kwa Anyasa? Kapena kwanu dzino silingakwere padenga lopanda khadi la chipani?”

Ena anaseka, koma ife a ku Malawi tinayang'ana pansi. Za khadi sitinkaseka ngakhale tili kutali chotero, poti sunkadziwa kuti wakhala pafupi nawe akanena chiyani kumudzi. Pofuna kuthawa nkhaniyo ndinayankha msanga kuti kwathu timapatsa khwangwala. Mwana amaima kuseri kwa nyumba, n'kuponya dzino padenga la udzu, n'kupempha khwangwala kuti atenge loipalo amubweretsere loyera ngati pakhosi pake.

“Nayenso alibe mano,” anatero Mtswana uja, mokhutira.

Panali mkulu wina wa kukhitchini ya komponi amene kale ankaphika m'nyumba za azungu. Iyeyo anati ana a Mabunu saponya n'komwe. Amaika dzino munsapato pogona, ndipo akuti mbewa imabwera kudzalitenga n'kusiyamo kandalama.

“Mbewa?” anatero mnzanga wina wa ku Dowa. “Kwathu sikanafika n'komwe pansapatopo. Tikanaiwamba.”

Pamenepo Axhosa anagwira pamimba, poti nkhani yoti Anyasa timadya mbewa sinkawatopetsa. Vuyani anati tsopano wamvetsa chifukwa chake tinasankha khwangwala, ndiye yekhayo amene sitimudya.

Sabata yotsatira anapita dala kusitolo ya Mchaina imene inali kunja kwa geti, kumene tinkagula sopo ndi singano, kukafunsa za kwawo. Anabwerako ngati wapeza golide. Akuti kumeneko amayamba aona kuti dzinolo n'lakumwamba kapena lakunsi. Lakunsi amaliponya padenga kuti latsopano limere lolunjika kumwamba. Lakumwamba amaliika pansi, kunsi kwa bedi, kuti linzake litsike molunjika. Msutu uja anati amenewo ndiwo anzeru, ife tonse timangoponya chiponyeponye. Ine ndinkangomvera. Ndinaona kuti Mulungu anamwaza anthu kutali ndi kutali, nawapatsa malilime osamvana, koma palibe mtundu umene unatchulidwa pamenepo woti umataya dzino la mwana kudzala.

Titaseka mokwanira, Mshangani wina wa ku Mozambiki analankhula motsitsa. Anati mwana wake woyamba anaguluka mano onse iye ali kuno. Anamusiya ndi aubwana, anakamupeza ndi aakuluakulu, ndipo mwanayo atamusekerera anaona ngati ndi wa eni. Aliyense anayamba kuwerengetsa chamumtima kuti wake wafika pati. Wometa uja anaima lumo lili m'mwamba.

Mwambo wathu wa mukomponi unabadwa mmenemo. Munthu akamva kwa obwera kumene, kapena akangoganizira yekha kuti mwana wake ayenera kuti waguluka dzino, ankatola kamwala koyera pabwalo n'kukaponya padenga la chipinda chake, n'kuitana wa kwawo: kabawi, buluzi, mwezi, khwangwala. Amuna a ndevu, oswa miyala, ena oti akaledzera ankabayana ndi mipeni. Lamulungu lina anaponya anthu ambiri nthawi imodzi, malata n'kulira ngati matalala. Sitinaganize kuti mukomponi miyala ikayamba kulira padenga ndiye kuti mitundu yayambana. Posakhalitsa tinaona apolisi a komponi akubwera chothamanga ndi zibonga, nduna yawo ili patsogolo.

“Wayamba ndani? Mukumenyana ndi ayani?”

“Palibe, bwana,” anatero Vuyani, akuonetsa mpata wa m'kamwa mwake. “Ndi mano a ana.”

Zinatenga nthawi kuti ndunayo imvetse. Inali nkhalamba yaukali imene sitinaionepo ikuseka, ndipo tsiku limenelonso sinaseke. Inalamula kuti tiziponya mmodzimmodzi, masana okha. Koma pochoka inatsalira pang'ono anyamata ake atatsogola, n'kufunsa wometa uja chapansipansi kuti mwana wongoyamba sukulu amakhala ataguluka angati.

Ine sindinaponyeko. Anzanga ankaganiza kuti ndikukana chifukwa cha chipembedzo, koma sizinali choncho. Sindikhulupirira kuti Mulungu amapsa mtima ndi zinthu za ana. Vuyani anandifunsa zaka za Eneresi, ndipo nditamuuza anati, “Ameneyo lagwedera kale. Tola mwala, Mfundisi.”

Ndinati, “Inu mukaponya mumaona denga la kwanu. Ine la kwathu anagwetsa. Sindidziwa n'komwe ngati adzandilola kumanga lina.”

Anandifunsa kuti adzandiletsa ndani, mwana ali wanga. Ndinamufotokozera za ukamwini. Kwawo amalowola ndi ng'ombe ndipo ana ndi a bambo, choncho anapukusa mutu nati Anyasa ndife anthu odabwitsa. Koma sananyoze. Anati, “Ndiye ukapemphe bwino. Usakapite ndi mawu a ku Joni.”

Kontilakiti itatha anandinyamulira bokosi mpaka pageti. Sindinamvenso za iye. Ndimamutchulabe m'pemphero, ngakhale sindidziwa ngati ndikupempherera wamoyo.

Ndinatsika basi pa boma la Kasungu nyengo yotentha, mvula isanayambe. Pamsika a chipani a malaya ofiira anandiimitsa kuti ndigule khadi. Nditagula anati ndigulenso la mkazi wanga. Ndinati anamwalira. Wamkulu wawo anandiyang'ana, anayang'ana bokosi langa, n'kuuza anzake kuti andisiye. Njira ya kwa Wimbe ndinaipeza itasintha. Kumene kunali thengo lotcherako mbewa tsopano kunali mawaya a esiteti ndi zigafa zazitali zoumitsiramo fodya. Pamudzi, pamene panali nyumba yathu, panali kachulu ka dothi ndi mbuzi itagonapo.

Anandilandira a Bisalomu, achimwene ake a NaMwale, eni mbumba. Anali munthu wosapupuluma, wolankhula akuyang'ana patali. Mawa lake ananditengera kumanda. Pobwerera anandiuza kuti ndi iwo amene ananyamula mlongo wawo pangolo kupita naye kuchipatala, ndi iwonso anabwera naye pangolo yomweyo. Sanandinene kuti ndinalakwa kupita ku Joni, koma ndinamva kuti miyezi yonse ija katundu amene anayenera kukhala wanga anali pamapewa awo.

“Alamu,” anatero, “tatumiza uthenga ku Lisasadzi. Abale anu akabwera tikhale pansi, tikumasuleni. Simunatilakwire. Ndinu munthu wamphamvu zanu, mukapeze banja lina. Mwana musamudere nkhawa.”

Ndinati ndamva. Mawu ena ndinali nawo, koma ndinaona kuti si nthawi yake, dothi la kumanda likadali kumapazi.

Chimene chinandifooketsa kwambiri chinali Eneresi mwiniwakeyo. Mayi ake aang'ono, a Velina, anabwera naye kuti adzandipatse moni. Anali atatalika, khosi ndi la mayi ake. Anagwada patali, dzanja lili pakamwa. Ndinamufunsa ngati akundikumbukira, iye anangoyang'ana pansi. Ndinatulutsa diresi limene ndinamugulira, iye n'kutambasula dzanja limodzi.

“Iwe! Landira ndi manja awiri, amenewa ndi bambo ako!” a Velina anakalipa.

Mwana anayang'ana diresi, anayang'ana ine. Dzanja lija sanalichotse pakamwa. Anadzuka n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, diresi lili m'manja mwanga.

Ndinaganiza kuti wandikana. Masiku otsatira ndinkagona pakhonde la a Bisalomu, m'mawa n'kumakawathandiza kuthirira nazale ya fodya kudambo. Eneresi ndinkamuona akundisuzumira, koma ndikamuyang'ana ankabisa pakamwa n'kutembenuka. Ndinayamba kudziuza kuti mwina a Bisalomu akunena zoona. Ndipempherenji kukhala pafupi ndi mwana amene sakufuna n'kundilankhula komwe?

A Velina ndiwo anandimasula, tsiku lina akusinja. Ndinati mwanayu akundiopa. Anaimika munsi n'kuseka.

“Alamu, inuyo? Ameneyu akubisa pakamwa kwa aliyense. Mano akutsogolo awiri anaguluka kalekale, atsopano sakutuluka. Anzake akumuimba kuti ndi nkhalamba. Ndiye wakana kuponya. Tamunyengerera, tamukalipira, wangowamanga pampango wa malemu. Mwana wamakani ngati mayi ake.”

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa likadalipo, ndinamupeza kudambo atabweretsa chitini chothiririra. Ndinakhala pansi pamzere wa nazale kuti ndisamutalikire. Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinati ndamva kuti ali ndi katundu wosunga. Analankhula kuseri kwa dzanja.

“Atsibweni akuti mupita kwanu.”

“Akutero.”

“Ndiye munabwereranji?”

Ndinangopempha kuti ndione manowo. Anamasula mfundo ya mpango wobiriwira umene ndinauzindikira, n'kuika timano tiwiri padzanja langa. Sitinkalemera n'komwe.

“Bwanji osaponya padenga la mayi aang'ono?”

“Mmenemuja muli ana ambiri. Khwangwala adzasokoneza, adzapatsa Yosefe. Yosefe ali nawo kale aakulu ngati makasu.”

“Nanga la atsibweni?”

“Si lathu. Amayi anati likadzaguluka ndidzaponye padenga lathu.” Anayang'ana timano tija. “Lathu anagwetsa.”

Ndikanatha kumuuza kuti mano amamera okha, kuponya kapena osaponya. Koma ndinaona kuti ndikatero ndikhala ngati ndatsutsa mayi ake, amene sakanathanso kudziyankhira. Ndinamubwezera timano take n'kumuthandiza kumanga mfundo.

Mawa lake ndinapita kwa a Bisalomu. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala pansi, chipewa pabondo.

“Alamu, ndili ndi pempho laling'ono ndisanamasulidwe.”

“Nenani.”

“Mundilole ndiimike denga pambali pa bwinja lija. Denga lokha, nsanamira zinayi ndi udzu. Mwana aponyepo mano ake.”

Anasiya kusema. “Mwabwera kuchokera ku Joni kudzamangira khwangwala?”

“Eya.”

Anandiyang'ana kuti aone ngati pali zina kuseri kwa mawu anga. Zinalipo, ndipo sindikanakana akanandifunsa. Koma sanafunse. Anati, “Denga lokha. Abale anu akafika nkhani ija ili pomwepo.”

Munthu wolima fodya savutika kuimika denga, poti chigafa n'chomwecho, mitengo ndi udzu popanda zipupa. Ndinakadula nsanamira ndi mapaso kuthengo limene linatsala, ndinasenda luzi, ndinakumba mayenje. Eneresi ankakhala pamwala akuonerera, ndipo tsiku lachiwiri anayamba kundipatsira luzi, ndi dzanja limodzi. Vuto linali udzu. Nyengo imeneyo dambo linali litapsa kale, ndipo amene anamweta ankasunga wofolerera nyumba zawo mvula isanagwe. Ndinayenda mudzi wonse n'kupeza mitolo yosakwanira ngakhale mbali imodzi. Anthu ankaseka podutsa. Ena ankati mkamwini wa ku Joni wabwera ndi nzeru zachilendo, akuyamba ndi denga.

Ndili pamwamba ndikuyala kaudzu kanga kochepako, ndinamva ngolo ikulira. Anali a Bisalomu, atadzaza udzu umene anasungira chigafa chawo. Anautsitsa. Kenaka anayang'ana mmene ndinkafolerera n'kupukusa mutu.

“Mwaiwala, alamu. Kumgodi kulibe udzu? Mukatero lidontha. Tsikani, mundiponyere mitolo.”

Tinasinthana. Iwo pamwamba, ine pansi. Pomafika chakumadzulo denga linali litatha, laling'ono koma lokhazikika, likununkhira udzu wouma. A Velina anabwera ndi ana awo onse, Yosefe wa mano a makasu ali patsogolo. Anafikanso amayi angapo ochokera kuchitsime, ndowa zili pamutu.

Eneresi anazungulira dengalo kufuna kudziwa kuti kuseri ndi kuti, popeza nyumba yopanda khomo ilibe kuseri. A Bisalomu anamulozera mbali ya kumadzulo. Anaima pamenepo, anamasula mfundo, ndipo poti mpango unali kudzanja lina ndi mano kudzanja lina, pakamwa panatsala poyera. Palibe anaseka, Yosefe atayamba, mayi ake anamutsina.

“Khwangwala, tenga akowa, undibweretsere anga oyera!”

Anaponya. Limodzi linalowa muudzu, linalo linagubuduka n'kugwa pansi. Analitola, analiuzira fumbi, n'kundiyang'ana. Ndinamunyamula m'chiuno n'kumukweza, ndipo analisomeka yekha pamwamba. Aka kanali koyamba kumugwira chibwerereni. Anali wolemera kuposa mmene ndinkamuganizira ku Joni.

Nditamutsitsa sanachoke. Anasuzumira pansi pa denga, pamene panalibe mphasa kapena mbiya, dothi lokhalokha.

“Nanga akabwera apeza ndani?” anafunsa. “Khwangwala sasiya mano pamene sipagona anthu.”

“Ndigonapo ine,” ndinatero.

“Mpaka abweretse?”

Anandikoka malaya.

“Ababa, mpaka abweretse? Enanso akugwedera. Onani.” Anakankha lina lam'mbali ndi lilime. “Akatha awa pali enanso.”

Yankho la funso limenelo silinali m'manja mwanga, ndipo sindinafune kumunamiza pamaso pa anthu. Ndinayang'ana a Bisalomu. Amayi a ndowa aja nawonso anawayang'ana. Iwo anali akuchotsa timinga ta udzu m'manja, pang'onopang'ono, ngati ntchito yofunika kwambiri. Atamaliza anayenda kuzungulira dengalo, anagwedeza nsanamira imodzi, anagwedezanso ina.

“Velina,” anatero, “ichi n'chiyani?”

“Ndi denga, achimwene.”

“Denga lopanda zipupa ndi chigafa. Mwana wa mlongo wanga azigona m'chigafa ngati fodya? Anthu adzati a Bisalomu alera bwanji?” Anatembenukira kwa ine, nkhope ili yomweyo yosaseka. “Alamu, mawa musapite kunazale. Mulawirire kukumba dothi, amayiwa atunge madzi. Mvula ili pafupi.”

Pothokoza ndinangowomba m'manja pang'ono, nditawerama.

“Nanga a ku Lisasadzi akabwera?” a Velina anafunsa.

“Adzatithandiza kumata.”

Anatola chikwapu cha ng'ombe kuti azipita, koma anaimanso, akuyang'ana nsanamira zija ngati mmisiri.

“Khomo liyang'ane kuti, alamu?”

Ndinayang'ana njira ya kumphambano, yopita kwathu, ndinayang'ananso mtengo wa mango wa pabwalo pawo.

“Liyang'ane kwanu,” ndinatero, “kuti akatuluka m'mawa muzimuona.”